Kugula galimoto yoyendapo kale ku Zomba: mapepala, injini yozizira, kenako phiri

Wogulitsa galimoto amafuna muiyese pamalo ndi nthawi imene iye wasankha: masana, italizidwa kale, itatsukidwa mpaka m'injini, pa tala wosalala kuchoka pa depoti kukakhotera ku Chinamwali. Pa kaulendo kotere ngakhale galimoto yodwala imaoneka yamoyo. Mwayi wa wogula wa ku Zomba ndi woti phiri lili pakhomo. Msewu wokwera ku Ku Chawe umaulula matenda a injini, giyabokosi ndi mabuleki pasanathe ola limodzi, ndipo sulipiritsa. Koma phirilo libwera kumapeto. Pali zofunika kudutsamo musanafike kumeneko, ndipo ndondomeko yake isasinthidwe, chifukwa palibe phindu kutha mafuta poyesa galimoto imene mapepala ake ndi okayikitsa.

Msewu wanu ndi uti?

Mkangano wa Sienta ndi Freed, kapena Toyota ndi Nissan, sutha pakati pa okonda magalimoto. Inu yambani mwadzifunsa komwe galimotoyo izigona ndi komwe izipita. Amene amakhala ku Mulunguzi kapena ku Kalimbuka, ulendo wake wautali uli wa pa M3 kupita ku Limbe kapena ku Liwonde, akhoza kugula kagalimoto kotsika osadandaula. Amene ali ndi munda ku Chingale, amakapikula nsomba ku Kachulu, kapena nyumba yake ili kumtunda kwa Sadzi komwe mvula imakumba ngalande pakati pa njira, ayang'ane kaye mpata umene uli pakati pa mimba ya galimoto ndi nthaka.

Daihatsu Mira ili ndi injini ya 660cc ya masilinda atatu. Pa mafuta ndi yosunga ndithu, ndipo pa nthawi ya mizere ya pa filling station eni ake ndiwo amagona tulo. Koma mukakweza akuluakulu anayi n'kuyamba chitunda, injini imalira mosalekeza, ndipo injini yolira chotero tsiku ndi tsiku sikhululuka mukachedwetsa kusintha oyilo. Matayala ake ndi ang'onoang'ono, dzenje limodzi la pa msewu limatha kupinda rimu. Ndi ya m'tauni ndi banja laling'ono.

Vitz, Passo ndi Belta zimabwera ndi injini ziwiri zosiyana, ndipo ogulitsa ambiri amangoti "ndi Vitz" basi. Onani zilembo zoyambirira za nambala ya chasisi. Pa Vitz ya 2005 mpaka 2010, KSP90 ndi ya 1000cc ya masilinda atatu, SCP90 ndi ya 1300cc ya masilinda anayi. Ya 1000cc imanjenjemera ikaima pamalo amodzi ndipo imatopetsa ma engine mounting msanga. Kwa munthu wa ku Zomba, komwe njira zambiri n'zokwera, ife timati ya 1300cc ndiyo yoyenera. Kusiyana kwa mafuta n'kochepa chifukwa yaing'onoyo mumaiponda kwambiri kuti ikwere.

Kenako pali banja la injini ya 1NZ-FE ya 1500cc, imene imapezeka mu Sienta, Probox, Axio, Fielder, Ractis, IST ndi Raum. Imayendera tcheni osati lamba, amakaniko onse amaidziwa, ndipo masipeyala ake, atsopano ndi a kaunjika omwe, savuta. Ngati ndi galimoto yanu yoyamba ndipo ndalama n'zowerengeka, yambirani kufunafuna m'banja limeneli. Vuto la Sienta si kapangidwe kake koma mbiri yake kuno kwathu: zambiri zagwirapo ntchito ya takisi, kunyamula anthu ndi matumba kuposa mlingo pa njira za ku Jali, Songani ndi Liwonde. Yotere imadziwika ndi kumbuyo kogwa kapena masipulingi achilendo olimba kwambiri, zitseko zokoka zimene zimafuna kunyamulidwa kuti zitseke, ndi loko wa ku buti wophwanyika chifukwa chomangidwa ndi chingwe katundu atatulukira kunja. Dziwaninso kuti Sienta ya NCP81 ili ndi giyabokosi ya CVT, otomatiki wopanda magiya osinthasintha, pamene NCP85, yokoka ndi matayala onse anayi, ili ndi otomatiki wamba wa magiya anayi, amene amapirira nkhanza kuposa CVT.

Honda Freed ndi yotakasuka m'kati ndipo imakwera bwino, koma ndi yotsika kutsogolo, imafuna oyilo wa giyabokosi wa Honda yekha, ndipo sipeyala ikasowa mumayenera kuitanitsa ku Limbe kapena kukasaka ku Ndirande. Nissan Note ndi March zimatchipa pogula. Injini zake n'zabwino, chofooka ndi CVT imene sigwirizana ndi kutentha komanso oyilo wolakwika. Mazda Demio ndi yokoma kuyendetsa pa tala, pa msewu wa fumbi imagunda pansi.

Ziwiri zofunika kusamala nazo. Injini ya Toyota yolembedwa D-4, ya 1AZ-FSE, imene ili mu Noah, Voxy, Wish ndi RAV4 zina za 2000cc, imadzaza mwaye m'kati ndipo pampu yake ya mafuta ndi yodula. Makaniko wosaizolowera amangosintha zinthu mongoyerekeza. Za hybrid, zoyendera petulo ndi magetsi, monga Aqua zimasunga mafuta zedi, koma batire lake lalikulu limaziziritsidwa ndi kafani kamene kamakoka mpweya cha ku mpando wakumbuyo, ndipo fumbi la kuno limakatseka. Musagule hybrid popanda munthu wa makina owerengera thanzi la batirelo. Fit hybrid ya kuyambira 2013 ili ndi giyabokosi ya makilatchi awiri imene imatentha ikamayenda pang'onopang'ono pa chitunda.

Wa ku Chingale uja, ngati thumba likulola, ayang'ane Hilux, RAV4 kapena X-Trail. Likakana, Probox ndi imene inapangidwira katundu, ngakhale kuti m'kati mwake mulibe chokongola chilichonse.

Ndalama

Musathere ndalama zonse pa mtengo wogulira. Siyani gawo limodzi mwa magawo khumi, kapena kuposerapo, la sevisi yoyamba, matayala, inshulansi ndi kusintha umwini. Chigwereni Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya masipeyala simakhalitsa pamodzi, choncho funsani mtengo wa mashoko anayi, giyabokosi ya kaunjika ndi nyali yakutsogolo ya galimoto imene mukufunayo sabata yomweyo imene mukugula.

Ngati mukuitanitsa nokha ku Japan, mtengo umene mukuona pa intaneti umathera pa doko, kaya Dar es Salaam kaya Durban. Pamwamba pake pali za padoko, wokuchotserani katundu, dalaivala, mafuta, ndi msonkho wa MRA umene umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Yakale kwambiri imatchipa ku Japan koma imalangidwa pa msonkho, ndiye funsani a MRA musanatumize ndalama. Ndipo musaganize kuti IT, galimoto yongofika kumene kuchokera kunja, ndi yatsopano. Yochokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe imakhala itayenda makilomita oposa 1,500 m'manja mwa dalaivala wothamangira ulendo wina. Nayonso idutse m'mayeso onse ali m'munsimu.

Mapepala

Pemphani blue book yeniyeni, osati fotokope kapena chithunzi cha pa foni. Dzina lili m'menemo lifanane ndi la pa chitupa cha unzika cha amene akugulitsayo. Mukamva zoti "ndi ya achimwene ali ku Joni" kapena "blue book ili ku Lilongwe ibwera", imani pomwepo. Nthawi zambiri blue book yosaoneka imakhala ili ku banki kapena kwa wakatapila ngati chikole. Ikakhala galimoto ya malemu, wogulitsa aonetse chikalata chomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye, apo ayi mudzalimbana ndi achibale mutalipira kale.

Werengani nambala ya chasisi pa chitsulo penipeni pamene inadindidwa, osati pa kachitsulo kokhomedwa ndi marivetsi kokha. Pa magalimoto ambiri a ku Japan ili kuseri kwa injini pa khoma lolekanitsa injini ndi m'kati, kapena pansi pa mpando wa dalaivala pomwe pali kachitseko pa kapeti. Walitsani ndi tochi cham'mbali. Zilembo zikhale zofanana kukula ndi kuzama, ndipo pozungulira pasakhale zizindikiro za kupala kapena kuwotcherera. Yerekezani chilembo ndi chilembo ndi blue book, muchitenso chimodzimodzi ndi nambala ya injini. Injini yosinthidwa si mlandu, koma iyenera kukhala italembetsedwa ku Road Traffic.

Funsaninso mapepala a MRA osonyeza kuti msonkho unalipidwa. Galimoto imene inalowa mwaulere pa dzina la bungwe kapena munthu wa udindo ikhoza kukhala ndi msonkho wotsalira, ndipo amene amagwidwa nayo pa msewu ndi inu.

Chaka chimene galimoto inapangidwa mungachitsimikize pa kansalu kosokeredwa kumunsi kwa lamba wa pampando. Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire okha, kuwabweza n'kosavuta. Export certificate ya ku Japan imalemba makilomita amene galimoto inali nawo pamene inkayezedwa kumeneko, ndipo nthawi zina pa mphuthu ya chitseko kapena pansi pa boneti pamatsalira kapepala ka sevisi kolembedwa makilomita. Dashibodi ikamati 70,000 koma labala wa pa buleki wadyeka mpaka chitsulo, chiwongolero chasalala ndipo mpando wa dalaivala waphwa, khulupirirani labalayo. Pa auction sheet, pepala la pa okushoni ya ku Japan, giredi R kapena RA imatanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa.

M'mawa, injini isanalizidwe

Panganani kuti mufike m'mawa komwe galimoto yagona, ndipo munene kuti asailize. Tengani tochi, kansalu koyera, kamaginito, multimeter, ndi makaniko amene mukumulipira inuyo, wosadziwana ndi wogulitsa. Akhale ndi makina a diagnosis, olumikiza ku kompyuta ya galimoto, amene amawerenga magalimoto a ku Japan, chifukwa timakina tina totchipa timakana kulankhula ndi ma IT akale. Mukafika gwirani paipi yakumtunda ya redieta. Ikakhala yofunda, wina wadzuka m'mamawa kudzabisa kanthu.

Sololani dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, mupukute pa kansalu. Oyilo wakuda si vuto lalikulu. Woopsa ndi wooneka ngati tiyi wamkaka, chifukwa ndiye kuti madzi akulowa m'oyilo, kawirikawiri kudzera pa gasiketi yopsa. Wolimba kwambiri, wotsika pa dipstick mochedwa, amathiridwa dala kuti aphimbe phokoso ndi utsi. Tsegulani chotsekera pothirira oyilo muwalitse m'kati: zitsulo zioneke zachikasu kapena zofiirira, osati zokutidwa ndi phala lakuda.

Tsegulani redieta, poti injini ndi yozizira. Mukhale coolant wa mtundu wake, wofiira, wapinki kapena wobiriwira. Madzi a pa mpopi ofiira ndi dzimbiri akusonyeza kuti m'kati mwa injini ndi water pump mwadyeka. Mafuta oyandama pamwamba ndi chizindikiro choipa. Funsani ngati thermostat ilimo, ndipo onani ngati fani inalumikizidwa mwachidule kuti izizungulira nthawi zonse kiyi akangotsegulidwa. Ziwirizi ndi zimene amakaniko ena amachita galimoto ikayamba kuboyila, m'malo mofufuza chimene chikuiboyilitsa.

Tsopano tsegulani kiyi osaliza. Nyali za check engine, oyilo, batire, ABS ndi airbag ziyake zonse. Imene sinayake ndiye kuti inachotsedwa kapena kumatidwa tepi kuseri. Mukaliza, zonse zizime pakapita masekondi ochepa.

Mvetserani masekondi oyambirira, boneti ili yotsegula, wailesi ili chete. Kaphokoso ka tcheni kongomveka kamodzi n'kutha kamachitika pa injini zokalamba, koma kakapitirira ndiye kuti tcheni ndi tensioner zatha. Kugogoda kolemera kochokera pansi pa injini, kowonjezeka mukaponda, ndi mabering'i: injini imeneyo ili pafupi kunoka, musapitirize n'komwe. Wina aime kumbuyo aone utsi. Wabuluu ndi oyilo akupsa. Wakuda ndi mafuta ochuluka. Woyera umafuna nzeru pang'ono, chifukwa m'mawa wa Juni ndi Julaye ku Zomba galimoto iliyonse imatulutsa nthunzi. Nthunzi wamba imatha injini ikatentha. Utsi woyera wokhuthala wosatha, wonunkhira motsekemera, ndi coolant akupsa. Redieta ikadali yotsegula, yang'anani ngati mukutuluka thovu losalekeza, kenako tsekani injini isanatenthe.

Pa multimeter, batire labwino limaonetsa mavolti 12.4 mpaka 12.6 injini isanalire, ndipo 13.5 mpaka 14.5 ikulira. Likapanda kukwera, alternator sikutchaja. Yatsani AC muone ngati fani yayamba kuzungulira ndiponso ngati injini sikufuna kuzima.

Thupi ndi kunsi

Imani pa ngodya muyang'ane m'mbali mwa galimoto motsata kuwala. Penti yamafundemafunde kapena chitseko chosiyana mtundu pang'ono ndi chinzake zikusonyeza kuti panadutsa wowongola. Kamaginito kokulungidwa m'kansalu sikagwira pamene pali fila wambiri. Chitseko chopentedwanso si chifukwa chothawira galimoto, n'chifukwa chotsitsira mtengo. Chothawitsa ndi chasisi yopindika: onani zitsulo ziwiri zazikulu zimene zimachokera ku bampala kulowa m'mbali mwa injini, ndi pansi pa buti mutachotsa tayala la sipeya. Pakakhala makwinya kapena zowotcherera, galimotoyo izidya matayala moyo wake wonse.

Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, m'chigawo chakummwera muli magalimoto amene anamizidwa n'kuumitsidwa. Kwezani kapeti, onani njanji za mipando ngati zili ndi dzimbiri, kokani lamba wa pampando mpaka kumapeto muone mzere wa matope, ndipo tsegulani bokosi la mafyuzi. Galimoto yomizidwa imayenda bwinobwino lero, mavuto a magetsi amayamba pakapita miyezi.

Pitani nayo pa dzenje la pa galaja kapena muikweze pa jeke. Onani sampu ngati inaphwanyidwa ndi miyala n'kumatidwa, malabala a CV joint ngati ang'ambika n'kumwaza girisi, mashoko ngati akudontha, ndi mabushi ngati asweka. Gwedezani tayala lililonse m'mwamba ndi pansi, kenako kumanzere ndi kumanja: kuseweraku ndi bering'i, ball joint kapena rack end. Tsatirani paipi ya ekizozi. Mukapeza zowotcherera zatsopano pafupi ndi injini, mwina catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi, inachotsedwa n'kugulitsidwa. Dzimbiri lofundukafunduka kunsi konse limapezeka pa magalimoto ochokera kumadera a chipale ku Japan, komwe amathira mchere m'misewu.

Ambiri amaika masipesa kuti galimoto ikwere. Ochepa, a masentimita awiri kapena atatu, savuta. Aatali amapendeketsa ma CV joint n'kuwatha msanga.

Pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka: 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi liwerengereni kuti n'lofunika kusintha ngakhale mapazi ake akuoneka. Lolembedwa kuti studless ndi la m'chipale, labala wake ndi wofewa, pa tala wotentha wa Okutobala limatha msanga ndipo siligwira bwino pa mvula.

Phiri

Wogulitsa akakana kuti galimoto ikwere phiri, ngakhale mutalonjeza kuthira mafuta, yankho mwalipeza kale. Akavomera, kwerani anthu anayi kuti ilemere monga izilemerera masiku onse, ndipo muyendetse ndinu kapena makaniko wanu.

Yambirani m'munsi. Injini itatentha, pondani buleki n'kusuntha giya kuchoka pa P kupita pa R, kenako pa D. Igwire pasanathe masekondi awiri, popanda kugunda. Pa bwalo lotakasuka khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto muzungulire pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri. Kumveka kwa "ta-ta-ta" ndi CV joint. Dutsani pa mahampu ndi kamsewu kafumbi mawindo ali otsegula kuti mumve zogogoda. Kenako tulukani pa M3 cha ku Thondwe kapena ku Domasi mufike pa 80. Chiwongolero chisanjenjemere, galimoto isakokere mbali, ndipo kulira kokwera pamodzi ndi liwiro ndi bering'i ya tayala kapena giyabokosi.

Tsopano kwerani, AC ili yoyatsa. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri a ku Japan alibe geji ya kutentha, ali ndi kanyali kabuluu ndi kofiira basi, ndipo kofiirako kakamayaka zinthu zimakhala zitaipa kale. N'chifukwa chake makina a diagnosis akhale olumikizidwa, makaniko akuwerenga kutentha kwa madzi njira yonse. Pakati pa madigiri 85 ndi 100 palibe chodetsa nkhawa. Kukadutsa 105 n'kumakwerabe, imani: redieta yatsekeka, fani yafooka, water pump yadyeka, kapena gasiketi yayamba kupsa.

Apa ndi pamene CVT imaonekera. Giyabokosi imeneyi ilibe magiya osinthasintha, ili ndi lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri, ndipo imadalira oyilo kuti lambayo agwire. Ikakhala yabwino, marevu amakwera n'kukhazikika pamodzi, liwiro n'kumawonjezeka mosadukiza. Yodwala imachita zinthu zitatu: marevu amalumphalumpha phazi lanu lili pamodzimodzi, imalira mokweza ngati sairini ikatentha, kapena imangofooka mwadzidzidzi pakati pa chitunda chifukwa kompyuta yaona kuti oyilo watentha kwambiri. Pezani malo owongoka pomwe mukuona bwino kutsogolo ndi kumbuyo, imani, kokani handibuleki muone ngati ikugwira, kenako nyamukani pang'onopang'ono. Kunjenjemera ponyamuka ndi matenda odziwika pa Honda Fit zakale, ndipo pa galimoto iliyonse ya CVT n'chizindikiro choti ndalama zikufunika. Pa otomatiki wamba, mvetserani posintha giya: marevu asathawe kaye m'mwamba giya isanagwire. Pa ya manyuwale, ikani giya yachitatu pa chitunda n'kuponda. Marevu akakwera liwiro osakwera, kilatchi yatha.

Samalani m'makona. Msewuwu ndi wopapatiza, ndipo mumatsika anthu osenza nkhuni ndi njinga zolemedwa zimene sizingaime msanga.

Mukafika pamwamba musazimitse. Isiyeni ilire mphindi zisanu, muone ngati fani ikuyaka n'kuzima yokha, musuzumire kunsi ngati pakudontha kanthu, ndipo mununkhize. Oyilo wa giyabokosi wopserera amamveka fungo. Redieta musaitsegule pano, madzi ake amatha kukusupulani nkhope.

Potsika ikani giya pa B, S, L kapena 2, malinga ndi galimotoyo, kuti injini izithandiza kugwira. Pondani buleki mwamphamvu kangapo pamalo owongoka. Chiwongolero chikanjenjemera, madisiki apindika. Ikakokera mbali imodzi, caliper ina yagwira. Buleki ikayamba kulowa pansi kwambiri mutatsika theka la phiri, brake fluid ndi wakale, wamwa chinyezi ndipo akuwira. Mutatsika kanthawi osaponda mafuta, pondani kamodzi wina akuyang'ana kumbuyo. Utsi wabuluu wotuluka pamenepo umaulula ma valve seal kapena mapisitoni ring otha, zimene sizioneka galimoto itangoima. Pansi pa phiri yandikizani dzanja pa rimu iliyonse osakhudza. Imodzi ikatentha kuposa inzake ya mbali ina, buleki ya pamenepo sikumasula.

Pomaliza makaniko awerenge makodi, manambala a zovuta amene kompyuta ya galimoto imasunga. Wogulitsa wochenjera amafufuta makodi m'mawa, koma ulendo wa phiri umawabweretsa. P0300 ndi injini yodumphadumpha, P0171 ndi mpweya wochuluka kuposa mafuta, P0420 imaloza ku catalytic converter ija.

Kulipira

Lembani zonse zimene mwapeza ndi mtengo wokonzera chilichonse, ndipo kunenerera kuyambire pamenepo. Matayala, mashoko ndi mabushi ndi zochotsera pa mtengo. Giyabokosi yoterereka, gasiketi yopsa, chasisi yopindika ndi mapepala osalongosoka ndi zosiyira galimoto, ngakhale mtengo utatsika motani.

Mukagwirizana, lembani kalata ya mgwirizano yokhala ndi mayina, manambala a zitupa, nambala ya galimoto, ya chasisi ndi ya injini, mtengo, tsiku, ndi mboni ziwiri. Lipirani kudzera ku banki ku akaunti ya dzina lomwe lili mu blue book. Pitani limodzi ndi wogulitsa ku ofesi ya Road Traffic, aliyense ali ndi Traffic Register Card yake, ndipo gawo lomaliza la ndalama liperekedwe umwini ukasinthidwa. Ambiri amazengereza apa, n'kudzapeza patapita chaka kuti mwini wakale anasamuka kapena anamwalira galimoto ikadali m'dzina lake. Madobadoba a panja musawapatse mapepala anu, lowani nokha ndipo mulandire lisiti pa chilichonse mwalipira. Onani tsiku lothera COF, chikalata chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, dulani inshulansi m'dzina lanu musanaiyendetse, ndipo funsani kiyi wachiwiri, makamaka pa galimoto yoliza ndi batani, poti kiyi wotere akatayika ali yekha kupangitsa wina n'kodula.

Sabata yoyamba

Zoti "yangochitidwa sevisi" zisiyeni, yambani mwatsopano kuti mudziwe powerengera. Sinthani oyilo ndi fyuluta. Injini ya 1NZ-FE imalowa malita 3.7 pamodzi ndi fyuluta, ndipo oyilo wa 5W-30 kapena 10W-30 amaikwanira. Wolimba wa 20W-50 amachedwa kufika kumtunda m'mawa ndipo amavutitsa VVT-i, makina osintha nthawi yotsegukira mavavu. Chifukwa cha fumbi ndi maulendo afupiafupi a m'tauni, sinthani pa makilomita 5,000 aliwonse. Air filter isinthidwe, osangoipuntha.

Pa giyabokosi ndi pamene magalimoto ambiri amaphedwera. CVT siithiridwa ATF, oyilo wa otomatiki wamba. Ya Toyota imafuna CVT Fluid TC kapena FE malinga ndi chaka, ya Nissan NS-2 kapena NS-3, ya Honda HMMF pa zakale ndi HCF-2 pa zatsopano. Otomatiki wamba wa Toyota amafuna T-IV kapena WS. Nthawi zambiri dzina limalembedwa pa dipstick kapena pa chotsekera cha giyabokosi. Gulani m'chigubu chomata bwino, osati wopungulidwa m'botolo, ndipo muone ndi maso akuthira. Ma CVT ena alibe dipstick, mlingo wake umayezedwa oyilo ali pa kutentha kwake koyenera, ndiye ntchitoyi ipite kwa amene ali ndi makina.

Tsukani redieta muthire coolant, bwezerani thermostat ngati inachotsedwa, chifukwa injini yoyenda yozizira imamwa mafuta ambiri ndipo imadyeka msanga. Sinthani brake fluid yense ndi DOT 3 kapena DOT 4. Onani mapulagi, ndipo ngati mwagula Fit yakale ya injini ya i-DSI, kumbukirani kuti ili ndi mapulagi asanu ndi atatu, anayi akumbuyo amaiwalika kawirikawiri. Hilux ya dizilo ya injini ya 5L, 2KD kapena 1KD imayendera lamba: ngati palibe umboni wa tsiku limene anasinthidwa, sinthani pamodzi ndi tensioner, chifukwa akaduka mavavu amagundana ndi mapisitoni.

Zotsala n'zazing'ono. Muikemo ma triangle awiri, jeke ndi sipanala ya matayala zimene mwaziyesa kuti zikugwiradi pa galimotoyo, ndipo tayala la sipeya lipopedwe. Wailesi zambiri za ku Japan zimathera pa 90 FM, choncho kuti mumve nyumba zoulutsira mawu za kuno pafunika kachipangizo kotchedwa expander kapena wailesi ina. Woika alumikize mawaya ndi ma connector osati kungopotokola n'kumata tepi, chifukwa kuseri kwa wailesi ndi kumene mavuto ambiri a batire lotha usiku amayambira.